Mzinda umene unaseketsa a Nabanda

A Mbewe anamwalira asanaukhululukire mzinda wa Malaga. Anthu onse amene anawalakwira pa moyo wawo anawakhululukira, ngakhale a Gondwe a ku Kitengela amene ankakangana nawo Lamulungu lililonse, koma mzinda umenewo ayi. Lamulungu lapitali tinasonkhana kunyumba kwawo ku South B kuti tipemphere, popeza patha chaka chimwalirireni. Abusa analankhula za kuwolowa manja kwawo. A Gondwe analankhula za ntchito imene malemuwo anagwira kwa zaka zambiri ku bungwe lina la mayiko muno mu Nairobi. Zonsezo n'zoona. Koma palibe anatchula za nsanje, ndipo a Mbewe opanda nsanje si a Mbewe amene ine ndinawadziwa.

Ndinawadziwa ndili mtsikana wa pa yunivesite, nditangofika kumene, Chiswahili ndisanachidziwe ngakhale chotsikira mu matatu, minibasi za kuno. M'masiku amenewo Mmalawi aliyense wachilendo ankauzidwa chinthu chimodzi: Lamulungu masana, kaya ndiwe Mkhristu kaya ndiwe Msilamu, kwera galimoto ya ku South B ukafunse kwa a Mbewe. Kumeneko unkapeza mpunga wa kilombero, nyemba zophika mwa kwathu, ndi mwamuna wamtali wa dazi atakhala kumapeto kwa tebulo, akukufunsa mfunda wako asanafunse dzina. Ine ankanditcha Nangozo mpaka tsiku lomaliza. Dzina langa lenileni ndikukayika ngati analidziwa.

Sankalola munthu kudya asanapereke malonje. Kaya wachokera ku Lilongwe, kaya ku Athi River pompa, unayenera kufotokoza ulendo wonse, mmene unanyamukira, mmene unasiyira anthu, pamene mvula inakupezera. Ukafupikitsa ankakubweza kuti uyambirenso. Ankati munthu wofotokoza ulendo mwachidule ali ndi chimene akubisa. Iwo eni ake anayenda kwambiri ndi ntchito, ku Geneva, ku Addis, ku Dakar, koma malonje awo anali a mabwalo a ndege ndi zipinda za misonkhano basi. Ankakhulupirira kuti munthu wolongosoka amayendera ntchito, maliro kapena ukwati. Zongopita kukaona malo ankati ndi matenda a anthu okhuta.

Anali munthu wa makani, osanama. Zaka zonse zimene anakhala mu Kenya, mayi wogulitsa masamba pa chipata ankamulankhula Chichewa, ati akamve yekha poti zilankhulozi n'zapachibale. Ndi a Gondwe ankatsutsana pa chilichonse, mpira, ndale za kwathu, ngakhale funso lakuti mbatata yokoma ndi ya ku Dedza kapena ya ku Mzimba. Koma mwana wasukulu akadwala, woyamba kufika kuchipatala anali iwo, atavala tayi.

Amene ankaphika zonse zija anali akazi awo, a Nabanda. Mkati mwa sabata ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu, Lamulungu malo awo anali kukhitchini. Chakudya chikapsa ankatuluka ndi beseni, jagi ndi tawulo paphewa, n'kugwada pamaso pa amuna awo, kenako pamaso pa alendo aamuna mmodzimmodzi, kuwathirira madzi m'manja. Ife atsikana tinkabwera pambuyo ndi mbale. Abambo akayamba kudya tinkabwerera kukhitchini, ndipo a Nabanda ankadya pomalizira penipeni, nthawi zambiri chiimire, chakudya chitazizira kale. Palibe ankaonapo cholakwika. Ineyo ndinkangoti ndi mmene timachitira kwathu.

Ndiye kunabwera ulendo uja. Mwana wawo Thoko anapeza ntchito ku Spain, ndipo anaitana makolo onse awiri kuti akapume naye ku Malaga, m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. A Mbewe anafunsa ngati kuli ukwati. Kunalibe. Anafunsa ngati wina wadwala. Atamva kuti n'kungokaona nyanja chabe, anati iwo nyanja anaiona kale ku Salima, apite okha a Nabanda ngati alibe chochita. Ankaganiza kuti akana. A Nabanda anayamba kufunsa za viza m'mawa mwake.

Anabwerako ali munthu wina. Ankang'ung'udza nyimbo potsuka mbale. Anatulutsa kampando pakhonde la m'mwamba, loyang'ana madenga a eni ndi nthambo za magetsi, n'kumakhalapo m'mawa ndi khofi ngati kuti pansipo pali mafunde. Kukhitchini nkhani inali imodzi. Anatiuza za tinsomba timene amatitunga pa ndodo n'kutiwotcha pa moto wosonkhedwa m'mabwato akale odzaza mchenga. Anatiuza za linga lamakedzana pamwamba pa phiri, pomwe zombo za padoko zimaoneka ngati mbale zoyandama, za agogo amakwinya oyenda ndi zovala zosambira popanda wowaseka, za masitolo otseka masana kuti anthu akagone. Ine ndinkasenda anyezi mtima ukundiwawa. Ndinene poyera, nsanje inandigwira. Nthawi imeneyo sukulu ndinali nditamaliza, ntchito ndili nayo, koma ngakhale ku Mombasa ndinali ndisanafike, pomwe mayi wa makina osokera anali ataviika mapazi m'nyanja imene ine ndinkangoiona pa mapu. Amayi anzawo a ku tchalitchi ndiye anafika poti akangomva kuti "ku Malaga" ankatsinana pansi pa benchi.

Koma nsanje yathu inali yachibwana poyerekeza ndi ya a Mbewe. Pabalaza a Nabanda anapachika chithunzi chimodzi cha ulendowo. Pachithunzipo anali atakhala pa tebulo la m'mbali mwa nyanja, mutu atauponya kumbuyo, akuseka mpaka nkhama kuonekera. A Mbewe ankachidutsa ngati akudutsa galu wa eni. Tsiku lina ndinawapeza atachiimirira pafupi, magalasi ali pamphuno.

"Nangozo, inu mumakhala nawo kukhitchini mayi anuwa. Munawaonapo akuseka chonchi?"

"Ayi, bambo."

"Inenso ayi. Chonsecho ndakhala nawo kuyambira ali mtsikana."

Kuyambira pamenepo mzindawo anausandutsa munthu. Ankautchula kuti a Malaga, monga mmene mwamuna amatchulira mnzake amene akumukayikira. Mchere ukachepa m'ndiwo ankafunsa ngati a Malaga sadya mchere. A Nabanda akachedwa kumsika ankati mwina a Malaga anaimba foni. Botolo la mafuta a olivi limene akazi awo anabweretsa ankalitcha mankhwala a chifuwa, ndipo ankanunkhiza ndiwo asanadye kuti amve ngati athiramo. Ife tinkaseka, a Nabanda ankangomwetulira, koma eni ake sankaseka. Chimene chinkawadya chinali chimodzi, ndipo sankachibisa: mzinda wa eni unawapatsa chiyani akazi awo pa kanthawi kochepa kaja, chimene iwo analephera kuwapatsa moyo wonse? Nyumba anawagulira. Makina osokera anawagulira. Sanawamenyepo, chibwenzi sanakhalepo nacho. Akawafunsa, a Nabanda ankangoti, "Kunali bwino basi, bambo a Thoko." Yankho limenelo linkawapsetsa mtima kuposa chipongwe. Munthu wokonda malonje ngati iwo, kupatsidwa timawu totere m'nyumba mwawo momwe.

Pali kanthu kena kamene kanachitika miyezi imeneyo, kamene ndinakaona ndi maso anga koma sindinakaike kumtima. Lamulungu lina a Nabanda atatha kusambitsa anthu m'manja sanabwerere kukhitchini. Anasamba okha, anakoka mpando umene unali wopanda munthu pambali pa amuna awo, n'kukhala. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, analowa a Gondwe, mochedwa monga mwa masiku onse, akudandaula za kuthithikana kwa magalimoto pa msewu wa Namanga. A Mbewe sanatembenuke n'komwe.

"Nabanda, apatseni malo alendo."

A Nabanda anadzuka, anatenga beseni, anagwada pamaso pa a Gondwe. Sanayesenso.

Patapita zaka zingapo a Nabanda anadwala impso. M'masiku omaliza kuchipatala, Thoko atabwera, anamugwira dzanja n'kumufunsa ngati malo a nsomba aja akadalipo. A Mbewe anali pomwepo, m'mbali mwa bedi, pomwe anakhala chiyambire matendawo. Anadzuka n'kutuluka. Ndinawapeza panja akuyang'ana khoma. Amvekere, "Mwamva, Nangozo? Mpaka pano akufunsa za a Malaga."

Ndiye mutha kumvetsa kuti titamva zoti a Mbewe agula tikiti ya ku Spain, chaka cha maliro chitatha, palibe anakhulupirira. A Gondwe anawafunsa mwachipongwe ngati kumeneko kuli ntchito, maliro kapena ukwati. Iwo anayankha kuti kuli mlandu. Ananyamuka atavala suti yakuda, pomwe Thoko anali atawauza kuti kukutentha. Ine ndinawaperekeza ku bwalo la ndege ndikung'ung'udza chamumtima, chifukwa tikiti imeneyo ikanakhala yanga ndikanakasangalala nayo, osati kukakwinyira nkhope nyanja ya eni.

Atabwerako tinadzaza nyumba. Malonje anapereka, kuyambira pa chipata cha South B, koma anali malonje a munthu wofotokoza za mkamwini amene sakumufuna. Nyanja ndi yamchere, sungamwe, sungachapire. Mchenga ndi wotuwa ngati phulusa. Nsomba zotchuka zija ndi usipa wonenepa chabe. Linga la paphiri ndi mabwinja, njira yake yothyola mawondo. Anthu amadya chamadzulo pa nthawi imene anzawo olongosoka amakhala akulota. Chimene chinawakondweretsa chinali tchalitchi chachikulu cha pakati pa mzinda, chimene chili ndi nsanja imodzi poti inayo sanaimalize mpaka lero. Pamenepo nkhope inawala.

"Ndi amenewo a Malaga anu. Ngakhale nyumba ya Mulungu anaisiyira panjira."

Tinaseka tonse. Koma ine ndinaona kuti pa malo a nsomba aja anangodutsapo chothamanga, iwo omwe ankati wofupikitsa ali ndi chobisa.

Chakudya chitapsa ndinadzuka kukatenga beseni, popeza a Nabanda atamwalira ntchitoyo inagwera ine. Ndinalipeza lili m'manja mwa a Mbewe, tawulo ali nalo paphewa.

"Kakhaleni pa tebulo, Nangozo. Muitane ndi anzanu onse a kukhitchiniwa."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino, koma anabwereza ndi mawu amene sankafuna yankho. Tinakhala, anyamata ena n'kutsikira pa kapeti. Anayambira kwa ine. Mawondo awo sankalola kugwada, choncho anawerama, madzi akudonthera pansi. Ndinasamba nditazolika, manyazi atandigwira ngati ndaba. Nditaba diso ndinaona kuti nkhope yawo ili ndwii. Sinali nkhope ya munthu wodzichepetsa ayi, inali ya munthu amene ali pa mpikisano.

Atafika kwa a Gondwe zinavuta. A Gondwewo anabisa manja m'khwapa.

"Achimwene, ine sindingasambitsidwe ndi mwamuna mnzanga, wamkulunso kwa ine. Mwakatola zotani kumeneko?"

"Ngati simufuna, mpopi uli kukhitchini."

A Gondwe anapitadi kumpopi akulankhula okha. Pobwerera anapeza malo awo atakhalapo mtsikana wina wa ku Mangochi, ndipo mpando wotsala unali umodzi, uja wa pambali pa a Mbewe. Anaugwira kuti aukoke.

"Pamenepo ayi," anatero a Mbewe.

"Pali ndani?"

"Munakhalapo kale tsiku lina. Zinakwana."

A Gondwe anatenga chipewa chawo n'kubwerera ku Kitengela osadya. Anaonekeranso pa Khirisimasi, akunyinyirika, ndipo kuyambira pamenepo ankasamba pa mpopi. Mpando uja palibe anaukhalanso, ngakhale pa masiku amene anthu tinkadyera pamiyendo.

Chimene a Mbewe anachilumpha m'malonje ndinachimva kwa Thoko atabwera ku tchuthi. Anati anawatengera pa malo omwe aja, pa tebulo lomwe lija la pachithunzi, masana dzuwa likuswa mtengo. Nsomba zinabwera zikununkhira utsi, mandimu ali pambali. Thoko anayamba kudya uku akucheza, kenako anaona kuti bambo ake sanakhudze kanthu. Anali atavula jekete, atapinda manja a malaya, zikhato atazitambasula pamwamba pa mawondo, maso ali pa khomo la kukhitchini. M'mahotela a misonkhano ankadyera foloko, koma apa anaona kuti aliyense akudya ndi manja, ndipo kwa iwo chakudya cha manja chimayamba ndi beseni.

"Bambo, mukudikira chiyani?"

"Madzi."

Thoko anaseka, anawauza kuti kumeneko kulibe zimenezo, aliyense amadzionera yekha. Kenako anati amukumbutsa amayi, n'kuwafotokozera, osadziwa kuti akutokosa pabala. Tsiku loyamba lija, nsomba zitafika, a Nabanda anadzuka n'kulunjika kukhitchini ya eni ake kukafuna beseni, kuti asambitse Thoko ndi anzake amene anabwera nawo. Bambo wina wachikulire wopereka chakudya anawatchingira pakhomo. Chilankhulo sankamvana. Anawagwira pamkono, anawabwezera ku tebulo, anawakokera mpando, n'kuwalozera kuti akhale. Atakhala anawaikira nsomba m'mbale yawo, iwo poyamba, ena onse asanalandire. A Nabanda anayang'ana mwana wawo.

"Ndiye kuti ine ndingokhala?"

Thoko anati inde.

"Ndiyambe ine?"

Ndi pamene anaphulika kuseka kuja, mpaka misozi, Thoko n'kuwajambula. Atadya anati anali ataiwala kuti nsomba yotentha imakoma chonchi.

A Mbewe anamvetsera osaphethira. Thoko atamaliza, funso lawo linali limodzi.

"Ndi uti?"

Thoko sanamukumbukire, mwinanso bamboyo anali atapuma kale ntchito. Koma a Mbewe anayang'anitsitsa wopereka chakudya aliyense wa imvi, mmodzimmodzi, mpaka wina anabwera kudzafunsa ngati nsomba zavuta. Kenako anadzuka, anatsikira kumchenga ndi nsapato zawo za ku tchalitchi, anawerama n'kusamba m'manja m'nyanja momwemo, mafunde akuwanyowetsa thalauza mpaka m'mawondo, alendo a makabudula akuwayang'ana. Anabwerera pa tebulo n'kudya nsomba zozizirazo zonse.

Kwa ine nkhaniyi anaitchula kamodzi kokha. Alendo anali atapita, ine ndikutsuka mbale, iwo akupukuta beseni lija. Analankhula osandiyang'ana.

"Ndinkaganiza kuti ndi nyanja, Nangozo. Nyanja sindikanapikisana nayo, ndikanangovomera. Koma mpando? Mipando ili m'nyumba muno ndinagula ndine."

Anapitiriza kupukuta beseni louma kale.

"Munthu wa eni, wosadziwa ngakhale mfunda wawo."

Musaganize kuti ulendowo unawafewetsa mtima. Nsanje inangosintha malo. Chithunzi chija anayamba kuchipukuta okha, ndipo mlendo akachiyang'ana nthawi yaitali ankamuitanira ku tebulo. Mnyamata wina wa kwathu atanena kuti akatha ukwati atengera mkazi wake ku Malaga, a Mbewe anamutchulira Zanzibar, Egypt, Cape Town, dziko lonse, bola asapite kumeneko. Ine nditawauza kuti tchuthi changa chakwana, ndikufuna ndikaone ndi maso anga, anandiyang'ana ngati ndawabera nkhuku. Anati ndipite kulikonse kumene ndikufuna, koma a Malaga anatenga kale mmodzi m'nyumba muja. Ndinakwiya, ndinawauza kuti mzinda si wawo. Anati si wanganso. Sindinapite, ndipo mpaka lero sindinapite.

Ndiye a Nabanda ndinawachitira nsanje kawiri. Poyamba inali ya nyanja. Yachiwiri ndi imene sinathe. Mwamuna amene ine ndinakwatiwa naye n'kusiyana naye sanandichitirepo nsanje ngakhale ndi amuna anzake, pomwe mayi uja, ali m'manda ku Dedza, mwamuna wake ankamulimbirana ndi mzinda wathunthu. Ndikudziwa kuti ndi nsanje yopusa, poti mwini wake anadya zozizira moyo wonse ndipo beseni la a Mbewe silinamupeze. Koma ilipo, ndipo sindinganame kuti palibe.

Lamulungu lililonse ankazungulira nalo beseni lija, kuyambira kwa amayi, mpaka manja atayamba kunjenjemera kwambiri moti madzi ochuluka ankathera pa kapeti. Tikafuna kuwalandira ankakalipa. Lamulungu lawo lomaliza anasambitsa anthu onse, ndipo mkati mwa sabata yomweyo anagwa pakhonde, pafupi ndi kampando ka a Nabanda.

Nyumbayo Thoko sanaisinthe kanthu, ngakhale akuti mwezi wa mawa mulowa anthu ena. Chithunzi chikadali pakhoma, a Nabanda akusekabe. Botolo la olivi lili pa shelefu, mafuta atatsala pang'ono pansi. Pa mapemphero aja tinachuluka, ena pa kapeti, ena pakhonde, koma mipando iwiri inatsala yopanda anthu, wa kumapeto kwa tebulo ndi wa pambali pake. Palibe anachenjeza mnzake. Ngakhale ana asukulu atsopano, amene a Mbewe sanawaonepo, anailambalala. A Gondwe, ndi msana wawo wovutawo, anatsamira khoma pafupi ndi mipandoyo, ndodo ili m'manja, ndipo nditawapempha kuti akhale anangopukusa mutu.

Chakudya chitapsa tinayang'anana. Beseni linali pansi pa sinki, jagi ili m'kati mwake, tawulo litapindidwa pamwamba, mmene analisiyira eni ake. Amayi sitinalitenge, abambonso sanalitenge. Tinandanda pa mpopi wa kukhitchini, aliyense n'kusamba yekha.